Kodi liwu lakuti "prophylaxis" ndi limodzi ndi katemera, ndipo linachokera kuti?

Gogo wa ku Chitakale, Mulanje

Ndikupatsani moni nonse a pabwalo lino. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri lapitali, ndipo ndaona kuti ndi bwino kufunsa kwa odziwa kusiyana ndi kumangoganizira ndekha.

Mwana wanga wamkazi ndi woyembekezera, pakati pake pali pa miyezi isanu, ndipo popeza ndi mimba yoyamba ndinamuperekeza kusikelo. Anamwino atamuyeza anamubaya jakisoni pamkono, kenaka anamupatsa mapiritsi atatu oyera ndi kapu ya madzi, namuuza kuti amwere pomwepo iwo akuona. Ine ndinadabwa, chifukwa mwanayo sanadandaule za mutu, thupi silinatenthe, ndipo nsima akudya bwino lomwe. Nditafunsa kuti mankhwalawo ndi a chiyani pamene munthu sakudwala, anamwino anayankha mwaulemu kuti ndi SP, imene ambiri timaidziwa kuti Fansidar, ndipo akuipereka ngati prophylaxis. Liwulo ndinawapempha kuti andilembere kuseri kwa kapepala, koma mzere wa amayi unali utafika panja, choncho sindinafune kuwachedwetsa ndi mafunso ena.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi chakuti tili panjira yobwerera mwana wanga anati, "Amayi, ameneyu ndi katemera wa malungo, ndiye kuti ndathana nawo." Usiku womwewo sanatsitse neti, ati kukutentha.

Tsono ndikufunsa kuti liwuli limatanthauza chiyani kwenikweni, ndi la chiyankhulo chanji, ndipo kodi ndi dzina lina chabe la katemera? Ngati si choncho, bwanji achipatala sangotiuza m'Chichewa?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Mayi, mwafunsa funso labwino, ndipo ndiyankha mbali ya chiyankhulo yokha, chifukwa za mankhwala zili ndi eni ake pabwalo pano. Ndili mnyamata ndinaphunzirako Chigiriki ndi Chilatini kuseminale, ndipo ngakhale unsembe sindinaufike, mawuwo ananditsalira.

Liwu lakuti prophylaxis si la Chingerezi ngakhale timalimva m'kamwa mwa oyankhula Chingerezi. Ndi la Chigiriki, ndipo lili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi pro, kutanthauza patsogolo, kapena chinthu chisanachitike. Chachiwiri chikuchokera ku phylax, amene ndi mlonda, ndiponso ku mneni phylassein, kulondera. Agiriki akale ankati prophylax ponena msilikali amene amaikidwa kutsogolo kwa msasa, kutali pang'ono ndi anzake ogona, kuti aone mdani akadali m'njira. Amene amawerenga Baibulo analiona kale tsinde la liwuli mosadziwa, pakuti pa Luka 2:8, pamene akunena za abusa oyang'anira zoweta zawo usiku, mneni wa Chigiriki amene ali pamenepo ndi yemweyu. Choncho tikalimasulira monga liliri, prophylaxis ndi kulondera kutsogolo, kuika mlonda mbala isanafike.

Ife a kuno kwa tiyi sitifunika kufotokozeredwa zambiri za mlonda. Aliyense anamuonapo bambo wa chikhoti chachitali akuwotha kamoto pageti la fakitale m'mwezi wa June, chiperoni chikuwaza, ndipo palibe amene amamufunsa kuti mukudikiriranji pamene wakuba sanabwere. Ntchito yake ndi yakuti wakubayo asabwere n'komwe. Mapiritsi amene anapatsidwa mwana wanu ali ngati bambo ameneyu, pamene mankhwala ochiza ali ngati anthu amene amathamangitsa mbala italowa kale m'nyumba ndi kuyamba kutulutsa katundu.

Mwafunsa chifukwa chimene sakunenera m'Chichewa. Mawu tili nawo, ndipo ndi okwanira: kupewa, kuteteza, kutchinjiriza. Mwa atatuwa ine ndimakonda kutchinjiriza, chifukwa muli chithunzi cha chinthu choima pakati pa munthu ndi choopsa, monga momwe liwu la Chigiriki lilili. Kupewa kumamveka ngati munthuyo ndiye akulambalala, pamene apa pali china chimene chikumuimira kutsogolo. Achipatala anaphunzira ntchito yawo m'Chingerezi, ndipo m'mabuku mwawo amalemba choncho kuti anzawo a kwina kulikonse amve chimodzimodzi, koma poyankhula ndi ife akanati "mankhwala otchinjiriza ku malungo" bwenzi nkhani itatha pomwepo.

Tsopano za katemera, pomwe ine mtima wanga umakondwa kwambiri, chifukwa liwuli ndi lathulathu. Likuchokera ku mneni kutema. Tikati kutemera, ndiye kuti kutema mphini pathupi ndi kupakamo mankhwala, monga ankachitira makolo. Kuchoka pa kutemera tinapanga katemera, mofanana ndi momwe kulemba kunabalira kulembera, kulembera n'kubala kalembera. Umboni wakuti ndi mawu a mtundu umodzi ndi wakuti timati kalembera wa mavoti, katemera wa chikuku, osati "ka mavoti" kapena "ka chikuku", kusonyeza kuti ka ameneyu si wochepetsa chinthu ngati wa mu kamwana. Dzina la matenda a kafumbata linapangidwanso motero, kuchokera ku kufumbata, poona momwe wodwalayo amaumira thupi. Ndipo anthu athu sanalakwitse potcha dzinali, pakuti katemera wa nthomba ankaperekedwa pokanda kapena kubayabaya khungu la pamkono, zomwe m'maso mwa munthu wa kumudzi zinali mphini ndithu.

Angerezi amati vaccine, ndipo limeneli ndi la Chilatini, kuchokera ku vacca, ng'ombe yaikazi. Pa 14 May 1796 dokotala wina wa ku England, Edward Jenner, anatenga mafinya a pachilonda cha mayi wokama mkaka amene anatenga nthomba ya ng'ombe, yomwe ndi yofatsa, nawapaka pamabala ang'onoang'ono amene anacheka pamkono pa mnyamata wa zaka 8, James Phipps. Pambuyo pake mnyamatayo anapatsidwa nthomba yeniyeni ndipo sanadwale. Mu 1881 Louis Pasteur wa ku France anapempha kuti, polemekeza Jenner, liwu la ng'ombeli lizigwira ntchito pa akatemera onse, ngakhale amene alibe chochita ndi ng'ombe.

Mukaona bwino, mawu atatuwa akuloza zinthu zosiyana. La Chilatini likukumbukira nyama imene mankhwala oyamba anachokera, lathu likukumbukira zimene dzanja linkachita, pamene la Chigiriki likunena cholinga. N'chifukwa chake katemera aliyense ndi prophylaxis, koma si prophylaxis iliyonse imene ili katemera.

Mlangizi wa zaumoyo, Thekerani

Ndikuthokoza aphunzitsi chifukwa cha phunziroli. Liwuli ndakhala ndikulitchula zaka zambiri m'midzi ya kuno kumapiri osadziwa kuti mkati mwake muli mlonda. Ine ndiyankha mbali imene ikukhudza mwana wanu, amayi, chifukwa pamenepo pali changu.

Tsiku limene munapita kusikelo, mwana wanu analandira zinthu ziwiri zosiyana. Jakisoni wa pamkono amene amayi oyembekezera amabayidwa kusikelo kawirikawiri amakhala katemera wa kafumbata, ndipo m'buku lake lakuchipatala mwalembedwa, mukhoza kuona. Ameneyo ndiye katemera weniweni. Ntchito yake ndi kuonetsa thupi chifaniziro cha mdani chimene sichingadwalitse, kuti asilikali a m'thupi amudziwe ndi kumukumbukira, ndipo chitetezo chimenecho mayi amapatsirako mwana ali m'mimba. Katemera akatha m'thupi, kukumbukirako kumatsala. Mapiritsi a SP sagwira ntchito choncho. Iwo saphunzitsa thupi kanthu. Amapha tizilombo ta malungo timene tingakhale tabisala, ndipo amakhalabe m'magazi kwa masabata ochepa akutchinga tina tatsopano, kenaka amatha. Akatha, mayi uja ali ngati sanamwepo. Potengera chitsanzo cha aphunzitsi, uyu ndi mlonda waganyu amene nthawi yake ikakwana amanyamula chikhoti chake n'kumapita, ndipo n'chifukwa chake mankhwalawa amaperekedwa mobwereza, kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, motalikirana mwezi umodzi, kosachepera katatu mayi asanachire.

Mwina mungafunse kuti bwanji kuvutika chonchi ndi munthu wooneka wathanzi. Malungo a mayi woyembekezera ndi achinyengo, makamaka pa mimba yoyamba ngati imeneyi. Tizilombo timakaunjikana mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya, ndipo mayi akhoza kumayenda, kulima, kuthyola tiyi, osamva kalikonse, pamene magazi ake akuchepa ndipo mwana sakukula bwino. Zotsatira zake zimaoneka tsiku lobadwa, mwana akabadwa wochepa sikelo kapena masiku asanakwane. Akuluakulu ena amandifunsa kuti kodi Fansidar si uja anasiya kugwira ntchito? N'zoona kuti dziko lathu linayamba kuchiza malungo ndi SP mu 1993 m'malo mwa chloroquine, ndipo mu 2007 linasinthanso n'kuyamba LA chifukwa tizilombo tinayamba kupirira. Koma pa ntchito yotchinjiriza amayi oyembekezera, SP akuthandizabe kuti ana azibadwa ndi sikelo yabwino, ndipo n'chifukwa chake sanachotsedwe kusikelo.

Chonde muuzeni mwana wanu kuti neti itsike usiku uliwonse, kutenthe kusatenthe. Nayonso neti yonyikidwa m'mankhwala ndi kutchinjiriza, ndipo ziwirizi zimathandizana. Katemera wa malungo alipodi, sananame kuti anamvapo, ndipo dziko la Malawi ndi limene linayamba kumupereka mu April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Koma ameneyo ndi wa ana aang'ono, kuyambira miyezi isanu, osati amayi oyembekezera, ndipo ngakhale mwana wolandira katemerayo amayenera kugonabe mu neti.

Liwuli mudzakumana nalo pena ndi pena. Anzathu amene ali ndi kachilombo ka HIV amapatsidwa Bactrim wa tsiku ndi tsiku kuti asagwidwe ndi chibayo, kutsegula m'mimba ndi matenda ena ongopezerapo mwayi, ndipo ife a ku Thyolo tili ndi mbiri pa nkhaniyi, chifukwa kafukufuku wina amene anasonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa pakati pa odwala TB anachitikira m'boma lomwe lino, mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Mayi woyembekezera amene akumwa kale Bactrim sapatsidwanso SP, popeza mankhwala awiriwa ndi apachibale, ndipo izi anamwino amafunsa asanapereke. Palinso PrEP, amene amamwa munthu wopanda kachilombo koma amene ali pachiopsezo, ndi PEP, amene amaperekedwa munthu atakumana kale ndi choopsa, monga wogwiriridwa kapena wachipatala amene wadzibaya ndi singano yogwiritsa kale ntchito. P womaliza m'mayina onse awiriwa ndi prophylaxis yemweyu.

Pa PEP ndiyembekezera kuti aphunzitsi andifunsa kuti mlonda wakutsogolo angabwere bwanji mbala itafika kale. Yankho lake ndi lakuti mbalayo yadumpha mpanda koma sinathyole chitseko. Kachilombo kamatenga nthawi kuti kakhazikike, choncho mankhwala akayambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndi kumwedwa masiku 28 osadumphitsa, kakhoza kulephera. N'chimodzimodzi ndi munthu wolumidwa ndi galu wachiwewe. Atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba palibenso mankhwala ochiza.

Mkulu wa ku Limbuli

Ndawerenga zonse mwachidwi, ndipo ndili ndi mawu kwa aphunzitsi. Ine pamkono wanga wamanzere pali chipsera chozungulira cha katemera wa nthomba, amene tinalandira titafola pansi pa mtengo wa mango tili ana, ndipo pachifuwa pali timizere ta mphini timene agogo anga aakazi ananditema ndi lumo, napakamo phulusa lakuda la mizu, ati kuti ndisamadwaledwale. Zipsera zonse ziwiri ndili nazo mpaka lero, ndipo onse amene anandipatsa ankafuna chinthu chimodzi, kuti mwana akule.

Tsono ngati liwu lakuti katemera linachokera ku mphini, monga mwanenera, bwanji mbiri yonse mwaipereka kwa Jenner ndi Pasteur? Kodi si ndiye kuti makolo athu anali nayo kale nzeru imeneyi, azungu n'kungobwera ndi botolo ndi singano? Ndikufunsa chifukwa ana a masiku ano amaseka mphini ngati za umbuli, pamene dzina la chinthu chimene amachilemekezacho analibwereka komweko.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Bambo a ku Limbuli, mwandigwira pabwino, ndipo ndivomera kuti ndinafupikitsa mbiri. Jenner sanayambe pa chopanda kanthu. Kalekale iye asanabadwe, anthu a mbali zina za Africa, India, China ndi Turkey ankadziwa kuti munthu amene anadwalapo nthomba n'kuchira sadwalanso, ndipo ankatenga zochokera pa zilonda za wodwala n'kupatsa munthu wabwinobwino, ambiri mwa iwo pochita kucheka khungu, kuti adwale pang'ono ndi kutetezeka. Ku Boston, ku America, m'busa wina dzina lake Cotton Mather anaphunzira njirayi kwa kapolo wake wochokera ku Africa, amene anamutcha Onesimus, yemwe anamuonetsa chipsera chake ndi kufotokoza kuti kwawo amachita zimenezi. Mliri wa nthomba utagwa mumzindawo mu 1721 njirayi inayesedwa, ndipo mwa otemeredwa anamwalira pafupifupi awiri pa 100 alionse, pamene mwa ogwidwa ndi nthomba mwachibadwa anamwalira pafupifupi 14 pa 100 alionse. Choncho nzeru yotema khungu pofuna kutchinjiriza munthu inawoloka nyanja kuchokera kuno ku Africa, ndipo zimenezi n'zolembedwa.

Chimene Jenner anawonjezera ndi kuchotsa ngozi. Njira yakaleyo inkagwiritsa ntchito nthomba yeniyeni, motero ena ankafa nayo, ndipo wotemeredwayo ankatha kupatsira anzake n'kuyambitsa mliri. Nthomba ya ng'ombe inkapereka chitetezo chomwecho popanda zoopsazo. Ndi njira imeneyi imene inafikitsa dziko lonse pa chaka cha 1980, pamene bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatheratu, wodwala womaliza woitenga mwachibadwa atapezeka ku Somalia mu 1977. N'chifukwa chake adzukulu anu alibe chipsera ngati chanucho, ndipo chimene ali nacho pamkono ndi cha katemera wa TB.

Koma pa mphini za agogo anu ndisiyana nanu pang'ono, mwaulemu. Cholinga chawo chinali kutchinjiriza, ndipo m'lingaliro limenelo Mgiriki akanazitcha prophylaxis mosakayika. Ndipotu tsinde lomweli ndi limene linabala liwu lakuti phylakterion, limene Agiriki ankatchulira chithumwa kapena njirisi yovala pathupi, ndipo likupezeka pa Mateyu 23:5 ponena timabokosi ta malemba timene Afarisi ankamanga pamphumi ndi pamkono. Izi zikutionetsa kuti liwu limangonena chimene munthu akufuna, silitsimikiza kuti chichitikadi. Chimene chinkateteza pa kutemera kwa nthomba si kuchekako ayi, koma chimene chinkalowa pabalapo, chomwe chinali ndi kachilombo koti thupi likaphunzire. Phulusa la mizu lilibe chimene thupi lingaphunzirepo za chikuku kapena kafumbata. Onaninso kuti lero timati katemera wa poliyo pamene mwana amangomudonthezera m'kamwa, ndipo katemera wa kolera amene ambiri tinalandira pa mliri wa 2022 ndi 2023 tinachita kumwa. Palibe anatemedwa, koma dzina silinasinthe, chifukwa tanthauzo linasamuka kuchoka pa lumo kupita pa chitetezo.

Mlangizi wa zaumoyo, Thekerani

Ndiwonjezere mawu ochepa pa mphini, chifukwa ndimakumana nazo. Sindinyoza agogo amene ankatema adzukulu awo, pakuti ankachita zimene ankadziwa ndi mtima wachikondi, pa nthawi imene chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu. Vuto la lero ndi lumo limodzi loyenda pa ana atatu kapena anayi, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B zimadutsa m'magazi otsalira pa lumo, ndipo phulusa kapena dothi lolowa pabala likhoza kubweretsa kafumbata yemwe tikumuthawayo. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kupeza mwana wa miyezi khumi ali ndi mphini zatsopano pachifuwa, koma m'buku lake malo a katemera wa chikuku, amene amayenera kulandira pa miyezi 9, ali osalembedwa, makolo ake akukhulupirira kuti anamuteteza kale.

Gogo wa ku Chitakale, Mulanje

Zikomo kwambiri aphunzitsi, alangizi, ndi inu bambo a ku Limbuli, pakuti funso lanu linalinso mumtima mwanga koma ndinachita nalo manyazi. Ndatsegula buku la mwana wanga ndipo ndapezadi kuti jakisoni uja analembedwa payekha, mapiritsi aja payekha, ndipo tsiku lobwereranso kusikelo lili mwezi wamawa.

Dzulo madzulo ndinamuwerengera mayankho anu onse tili pakhonde. Liwu la Chigirikilo likumukanikabe kutchula, koma za mlonda waganyu anazimva msanga, chifukwa mwamuna wake analonderapo ku esiteti asanayambe ntchito ya m'fakitale. Neti ija inali ndi bowo pafupi ndi kumiyendo, ndiye ndaisoka ndi ulusi wakuda, ndipo apongozi anga akhoma msomali wina kuti isamagwere kumaso, chomwe chinali chifukwa china chimene ankaikanira. Alangizi, ngati mudzadutsenso pano, mundiuzeko ngati mapiritsi ofiira owonjezera magazi amene anamupatsa kuti azimwa kunyumba tsiku ndi tsiku nawonso ali m'gulu lomweli la otchinjiriza, chifukwa akuti akumuchititsa nseru ndipo wayamba kuwadumphitsa.